Galu wasiya kumva atamudonthezera mankhwala m'khutu

Mayi, ndawerenga funso lanu. Mwati galu wanu wa zaka 10 ankangopukusa mutu ndi kudzikanda makutu, m'khutu mukutuluka zonunkha, ndiye munakagula ku famase mankhwala odonthezera a gentamicin. Patha masiku asanu, fungo lachepa ndithu, koma tsopano mukamuitana sakucheuka, ndipo munthu akagogoda pageti iye ali phee. Mukufunsa ngati mupitirize mpaka botolo lithe monga anakuuzirani.

Ayi, lekani lero lomwe. Dontho limodzi lisalowenso m'khutumo mpaka dokotala wa ziweto atamuona. Ndikudziwa kuti tonse tinaphunzitsidwa kuti mankhwala amafunika kumaliza, koma pano ndi pena. Ngakhale mankhwala a makutu opangidwira agalu enieniwo amene muli gentamicin, monga Otomax ndi Mometamax, kapepala ka m'bokosi mwake kamanena mosabisa kuti agalu ena ochepa, makamaka okalamba, amagontha nawo kapena kumva pang'ono, ndipo zikatero muleke nthawi yomweyo, khutulo litsukidwe bwino ndi madzi osavulaza makutu. Kamanenanso kuti kawirikawiri ugonthiwo sukhalitsa. Choncho mtima m'malo, koma musachedwe.

Kutsukako si kwa inu ayi. Ndaona ena m'gulu muno akulangizani kale kuti muthiremo Savlon, ena spiriti, ndipo nditadikira pang'ono ndikudziwa kuti abwera a palafini ndi a oilo wakuda wa galimoto. Musayerekeze. Mu Savlon wamadzi uja muli chlorhexidine, ndipo chlorhexidine akafika mkatikati mwa khutu ali m'gulu lomwelo la zinthu zopha makutu. Spiriti amatentha pachilonda, galu amene wakhala wofatsa moyo wake wonse akhoza kukulumani. Dibi ya nkhupakupa nayo si ya m'khutu. Timitengo ta thonje tija tomwe timatokosera makutu athu tiikeni kutali, chifukwa timangokankhira zonyansa kunsi. Chimene mungachite lero ndi kupukuta panja pokha, pamene maso anu akuona, ndi kansalu koyera kofewa.

Nkhani yonseyi yagona pa kachinthu kamodzi kamene inu simungakaone, nembanemba ya m'khutu. Khutu la galu silili ngati lathu. Njira yake imayamba yatsika pansi, kenako n'kukhota kulowera kumutu, ngati chigongono cha paipi ya madzi. Kumapeto kwa njira yokhotayo ndi kumene kuli nembanembayo, yopyapyala kwambiri, yotchinga pakati pa khutu lakunja ndi lamkati. Ikakhala yathunthu, kawirikawiri mankhwala amene mwadontheza amathera kunja kwake, amapha tizilombo, basi. Koma khutu likakhala ndi mafinya kwa milungu kapena miyezi, nembanemba ija imafewa, nthawi zina imabooka osadziwika. Bakiteriya wina wotchedwa Pseudomonas, amene amatulutsa mafinya oterera onunkha kwambiri, amadziwika ndi kuboola kumeneku. Ikabooka, mankhwala amadutsa n'kukafika kumene sanayenera kufika.

Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika kodzaza ndi madzi, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi timaubweya tating'onoting'ono. Phokoso likalowa timaubweyato timagwedezeka, uthenga n'kupita ku ubongo. Gentamicin ndi abale ake, neomycin, framycetin, amikacin, tobramycin, kanamycin ndi streptomycin, amatha kupha timaselo timeneti, ndipo kwa galu, mphaka ngakhale munthu, tikafa sitiphukanso. Amene munasamalapo wodwala TB yosamva mankhwala zaka zapitazo mukukumbukira jakisoni wa tsiku ndi tsiku uja, momwe ena ankachira chifuwa koma n'kutsala osamva. Anali a banja lomweli, ndipo n'chifukwa china chimene bungwe la WHO linalangizira mu 2018 kuti kanamycin asiyidwe. Ndikutchulanso izi chifukwa m'mashopu ogulitsa mankhwala a ziweto muli jakisoni wa penicillin wosakaniza ndi streptomycin amene anthu amabaya nyama iliyonse ikangofooka. Wina akati tiyeni timubaye galuyu kuti khutu lipole msanga, kanani. Mukhala mukuwonjezera pomwe pavulala kale, ndiponso mankhwala a banja limeneli akalowa m'magazi amalemetsa impso, zomwe kwa galu wa zaka 10 sizikhala zamphamvu kale.

Komabe si galu aliyense wosiya kumva ali pa mankhwala amene timaselo take tafa. Nthawi zambiri vuto limakhala lapafupi. Njira ya khutu yatupa, muli mafinya, phula ndi mankhwala amene mwakhala mukuthira m'mawa ndi madzulo, zonsezi zaunjikana pokhota paja n'kutseka, phokoso silikudutsa. Ugonthi wotere umatha khutu likatsukidwa ndi kuphwa. Pali agalu enanso amene nembanemba yawo imapezeka ili bwinobwino, koma amagonthabe ndi mankhwalawa, n'kuyambanso kumva pang'onopang'ono patapita masiku kapena milungu atasiya. Ndiye palinso ukalamba. Galu wa msinkhu umenewo akhoza kukhala kuti anayamba kale kuchepa kumva, mwina khutu limodzi linafa kale inu osazindikira chifukwa linzake linkagwira ntchito yonse, ndiye lotsalalo litatsekeka m'pamene mwadabwa. Kuchokera pafoni pano palibe angakuuzeni kuti wanuyo ali mbali iti. Amene akukulonjezani kuti achira mawa akungolankhula, amene akuti basi wagontheratu nayenso akungolankhula.

Pitani naye mawa. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, mabungwe osamalira ziweto, palinso madokotala a ziweto oyima paokha, ndipo m'maboma muli maofesi a vetenale. Imbani kaye musananyamuke, mufunse ngati ali ndi otoscope, kachipangizo kaja ka tochi kounikira m'khutu, chifukwa popanda iko ulendo wanu ukhala wa theka. Mutenge botolo la mankhwalalo pamodzi ndi bokosi lake, musangonena kuti ndi mankhwala a m'khutu. Muwauze tsiku limene munayamba, madontho angati, khutu limodzi kapena onse awiri, tsiku limene munazindikira kuti sakumva, ndi mankhwala ena alionse amene akumwa. Ichi chomalizachi n'chofunika kwa agalu okalamba, chifukwa ena amamwa furosemide, mankhwala okodzetsa a mtima, ndipo furosemide akakumana ndi gentamicin m'thupi ngozi ya makutu imakula.

Funso loyamba kuwafunsa ndi ili: kodi nembanemba mwaiona, ili yonse? Musachite manyazi, galuyo ndi wanu, ndalama ndi zanu. Dokotala wachilungamo nthawi zina amayankha kuti sindikuiona, khutu latupa kwambiri. Yankho limenelo ndi labwino kuposa kungokupatsani botolo lina. Zikatero ambiri amayamba ndi mankhwala akumwa ochepetsa kutupa kwa masiku angapo, kapena amamugoneka galu ndi jakisoni n'kutsuka khutulo ndi saline, madzi aja a diripi, amene savulaza ngakhale nembanemba itabooka. Akapeza kuti yabooka, pali mankhwala ena amene madokotala amawaona kuti n'ngotetezeka pamenepo, monga a enrofloxacin osungunulidwa m'madzi, ndipo nembanembayo imatha kudzitseka yokha m'milungu ingapo matenda akachoka. Kusankha kumeneko ndi kwawo, musakaguleko nokha poti mwawerenga dzina pano.

Funso lachiwiri: chayambitsa n'chiyani? Apa ndi pamene mankhwala a ku famase amatipusitsira. Gentamicin amapha bakiteriya basi. Koma makutu a agalu ambiri amavutidwa ndi yisiti yotchedwa Malassezia, yomwe imatulutsa phula lakuda lonona la fungo lowawasa, ndipo gentamicin saikhudza n'komwe. Mwa ana agalu mumapezeka tizilombo tating'ono toyenda m'khutu, Otodectes, totulutsa zinyenyeswa zouma zakuda. Ena njere ya udzu inalowa n'kukakamira pokhota, ena ndi nkhupakupa, ena ndi madzi otsalira posamba. Agalu ambiri amene khutu limapola n'kuyambiranso chaka ndi chaka vuto lawo lenileni ndi khungu losagwirizana ndi chakudya kapena fumbi ndi mungu, ndipo mudzawaona akunyambita mapazi komanso kukanda m'khwapa. Dokotala akatenga phula pang'ono ndi kathonje, n'kulipaka pagalasi n'kuliyang'ana pa maikulosikopu, amadziwa m'mphindi zochepa ngati muli yisiti, bakiteriya kapena tizilombo. Kuyeza kumeneko pempheni. Kumasiyanitsa kuchiza ndi kungoyesa mwayi.

Pali zizindikiro zina zomwe mukaziona musadikire kuti kuche bwino. Mutu wapendekera mbali imodzi osawongoka, akuyenda dzandidzandi kapena kuzungulira malo amodzi, akugwera mbali, maso akuvina okha uku ndi uku, akusanza, mlomo wa mbali imodzi walendewera kapena diso silikuphethira. Mbali ya khutu imene imathandiza thupi kuima mowongoka ili pafupi ndi ya kumva, ndipo mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa cha komweko. Zikaoneka zimenezi ndiye kuti mankhwala kapena matendawo afika mkati, pamafunika dokotala tsiku lomwelo. Pomunyamula mumutchingire masitepe ndi maenje, chifukwa ali ndi chizungulire.

Ndisakusiyeni ndi mantha olakwika. Ena akamva nkhani ngati iyi amalumbira kuti sadzathiranso mankhwala alionse m'khutu mwa galu, n'kumusiya akuwola makutu. Kumeneko ndi kulakwa kwakukulu kuposa koyambako. Agalu ogontha ndi mankhwala ndi ochepa poyerekeza ndi amene amachira nawo. Khutu losiyidwa ndi matenda limakhuthala, njira imaning'a, pena imauma gwaa ngati fupa, matenda amalowa mkati, ndipo mapeto ake ndi opaleshoni yochotsa njira yonse ya khutu. Kupukusa mutu kosalekeza kumathanso kuphulitsa timitsempha, khutu n'kufufuma ndi magazi. Gentamicin, ngakhale polymyxin B amene ali m'mankhwala ena odonthezera otchedwa Surolan, ndi mankhwala abwino m'khutu limene layang'anidwa. Chimene ndimadana nacho ndi kugulitsa botolo pakauntala kwa munthu amene galu wake ali kunyumba, osafunsa ngakhale zaka zake.

Kwa anzathu a muno amene muli ku Joni kapena ku UK, madokotala ena amagwiritsa ntchito mankhwala okhalitsa oikidwa kuchipatala komweko, Osurnia amene amaikidwa kawiri motalikirana masiku 7, kapena Neptra amene amaikidwa kamodzi n'kugwira ntchito pafupifupi mwezi. Mulibe gentamicin, ndipo amathandiza kwa galu wokana kugwiridwa makutu. Koma nawonso saikidwa nembanemba ikabooka, ndipo poti anapangidwa kuti akakamire, kuwachotsa galu akayamba kupendeka mutu ndi ntchito. Funso lija la nembanemba mufunse asanafinye.

Kunyumba mukhoza kumamuyesa kuti muone ngati kumva kukubwerera, koma muyese bwino, chifukwa agalu ndi ochenjera. Mukaomba m'manja pafupi amamva kamphepo, mukaponda pansi amamva kunjenjemera, akaona chithunzithunzi chanu amacheuka, inu n'kusangalala pachabe. Imani kumbuyo kwake patali, ali chigonere kapena akuyang'ana kwina, mulize makiyi kapena mugogode mbale yake yodyera ndi supuni, muone ngati makutu akugwedezeka. Chitani zimenezo masiku angapo aliwonse, mulembe. Kuyeza kwenikweni kumatchedwa BAER, amalumikiza timawaya pamutu n'kuona ngati ubongo ukulandira phokoso, khutu lililonse palokha, koma kumapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, ndipo chithandizo cha mawa sichikudalira kumeneko.

Pakadali pano musamutulutse kunja kwa mpanda wopanda chingwe, sakumva galimoto kapena kabaza. Madalaivala a pakhomo ayang'ane pansi pa galimoto asanalize injini. Ana muwauze kuti asamudzidzimutse ali mtulo, galu wosamva akagwidwa mwadzidzidzi amaluma asanadziwe kuti ndi ndani. Pomudzutsa pondani pansi mwamphamvu pafupi naye, kapena ikani dzanja pafupi ndi mphuno yake kuti akununkhizeni kaye. Usiku mumuitane ndi tochi, masana ndi dzanja, chizindikiro chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo akabwera mumupatse kachakudya, amaphunzira msanga. Ngati mumamudalira pa ulonda, masiku ano musamuwerengere. Mukabwerako kwa dokotala mutiuze zomwe apeza pa nembanembayo ndi mankhwala amene akupatsani, ndipo tsiku lobwereza limene akuuzeni mupite ngakhale khutu likuoneka kuti lapola.