Kavairasi ka dengue kamachulukana bwanji ndi mapuloteni 10 okha?

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti mwana wawo akuphunzira za mavairasi ofalitsidwa ndi udzudzu ndiye wawafunsa funso mpaka iwo kusowa choyankha. Alemba kuti: "Akuti dengue ili ndi mapuloteni 10 okha, ndiye imachulukana bwanji mwa munthu komanso mwa udzudzu? Nanga bwanji ilibe mankhwala ngati malungo?"

Zikomo mayi, mwana wanuyo wafunsa penipeni. Tisiyanitse kaye, malungo si vairasi ayi, ndi kachilombo ka Plasmodium komwe kali ndi selo yakeyake ndi majini opitilira 5,000, ndiye mankhwala amapeza pomenya pambiri. Koma dengue, Zika, yellow fever ndi West Nile ndi mavairasi a banja limodzi, kachingwe ka RNA (uthenga wa majini ake) ka zilembo pafupifupi 11,000 kokutidwa mkachigoba basi. Zili ngati munthu wafika kwa telala ndi pepala la sitayelo lokha, makina, ulusi, nsalu ndi manja osokawo zonse ndi za telalayo.

Udzudzu wa Aedes aegypti ukaluma umasiya mavairasi pakhungu limodzi ndi malovu, ndiye maselo ena achitetezo apakhungupo ali ndi puloteni yotchedwa DC-SIGN yomwe ntchito yake ndikugwira tizilombo, vairasi imakakamira pomwepo ndipo selo imaimeza yokha nkuiika mkathumba. Mkathumbamo mumakhala asidi, asidiyo ndi amene amatsegula chigoba RNA nkutulukira mkati mwa selo. Apa ma ribosome athu, timakina topanga mapuloteni, amawerenga RNA ija ngati uthenga wa selo yomweyo nkupanga puloteni imodzi yaitali yomwe imafunika kuduladula kuti ikhale zidutswa 10 zija. Malo ena vairasi imadula yokha ndi NS3, chimodzi mwa zidutswa zomwezo, koma malo ena imadikira puloteni yathu ya signal peptidase kuti iidulire. Kenako imapinda khungu la mbali ina ya selo yotchedwa endoplasmic reticulum nkupanga timatumba tobisalamo, mmenemo ndi mmene NS5, puloteni inanso ya vairasi, imakopera RNA yatsopano. Ngakhale potuluka pamafunikabe puloteni yathu ina, furin, kuti idule prM, puloteni ya pa chigoba cha kavairasi katsopano, apo ayi kavairasi katsopanoko kamatuluka kosakhwima ndipo kulowa mu selo ina kumavuta.

Zimenezi sizongoganizira. Mu 2016 asayansi anagwiritsa ntchito CRISPR, njira yodulira majini, kuchotsa majini m'maselo a munthu, jini imodzi pa selo, nkuona maselo omwe vairasi yalephera kuchulukanamo. Anapeza kuti popanda majini athu a STT3A ndi STT3B dengue imagwa mphwayi, gulu lina linapezanso zofanana pa SPCS1, mbali imodzi ya signal peptidase ija.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ine ndi mmene imazimitsira chitetezo. Selo ikagwidwa imatumiza uthenga wa interferon kuchenjeza anzake, ndipo kuti uthengawo umveke pamafunika puloteni yathu ya STAT2. NS5 imagwira STAT2 nkuipereka ku makina a selo yomweyo ophwanya mapuloteni otha ntchito, ndiye kuti selo ikuononga yokha mlonda wake. Pogwiritsa ntchito NS3, vairasi imadulanso puloteni ina yochenjeza yotchedwa STING, koma STING ya mbewa siitha kuidula, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe mbewa wamba sizidwala dengue ngati ife.

Za udzudzu, nkhani ndiyakuti zida zambiri zomwe vairasi imabwereka zilipo konsekonse, ma ribosome, endoplasmic reticulum, furin, udzudzu ulinazo zake zofananirako. Chikungunya, vairasi inanso yofalitsidwa ndi udzudzu koma ya banja lina, ili ndi puloteni ya nsP3 yomwe mwa munthu imagwira puloteni yathu ya G3BP pomwe mwa udzudzu imagwira mnzake wa G3BP wotchedwa Rasputin. Mu 2019 anapezanso kuti nsP3 yomweyo imadalira FHL1, puloteni yochuluka m'minofu, ndipo odwala chikungunya amadandaula kwambiri za minofu ndi mfundo zomwezo.

Ndiye mankhwala, mwaona kale povuta. Pomenya pa vairasi penipenipo ndi pochepa komanso imasinthasintha msanga, pomwe mukati mutseke furin kapena signal peptidase ndiye kuti mukutseka zinthu zomwe thupi limazifuna tsiku ndi tsiku. Ine ndimaonabe kuti njira yofufuza mapuloteni athu omwe vairasi singakhale popanda iwo koma ife tingapirire atatsekedwa kwa masiku ochepa ndiyofunika kuilimbikira, chifukwa vairasi singasinthe puloteni yomwe si yake. Pakadali pano wodwala dengue amathandizidwa ndi madzi ambiri ndi paracetamol, osati aspirin kapena ibuprofen chifukwa zimaonjezera kutaya magazi.

Mumuuzenso mwanayo za Wolbachia, bakiteriya yemwe amaikidwa mwa udzudzu ndipo mwa zina amalimbirana ndi vairasi mafuta a m'maselo monga cholesterol. Ku Yogyakarta, Indonesia, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti m'madera omwe anatulutsamo udzudzu woterewu dengue inatsika ndi 77 peresenti.