Makamera, makina a ayezi ndi switch imodzi: kodi VLAN ingathandize?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mbale wina amene amayang'anira makina pa fakitale ya ayezi wosungira nsomba cha ku Makawa. Akuti makamera 8, makompyuta a muofesi ndi PLC (kakompyuta koyendetsa makompresa) zonse zili pa switch imodzi, kabokosi kolumikiza zipangizo pa netiweki, ndipo chiikireni makamerawo, sikirini yoonera makina imayankha mochedwa. Akufunsa ngati agule switch ina kapena ayese VLAN.

Achimwene, yambani mwaona ngati switch yanuyo ndi managed, kutanthauza yoti mungathe kulowamo n'kusintha makonzedwe ake. Makampani ngati Moxa ndi Siemens amapanga mitundu yonse iwiri, ndipo pa DIN rail, kachitsulo kokolekapo zipangizo mu kabati, zimaoneka zofanana. Ikakhala unmanaged, za VLAN iwalani.

Ikakhala managed, ndalama zanu sungani kaye. VLAN imagawa switch imodzi ngati mmene khoma limagawira nyumba ya lendi: denga limodzi, koma phokoso la uyu silifika kwa uyo. Lamulo lake ndi IEEE 802.1Q, lomwe limamata chizindikiro cha ma byte 4 pa frame iliyonse (kaphukusi ka uthenga koyenda pa chingwe), ndipo manambala ogwiritsa ntchito amayambira 1 mpaka 4094. Ine ndikanaika makina pa 10, makamera pa 20, ofesi pa 30. VLAN 1 isiyeni, ndi ya kwa opanga switch, imene port iliyonse (polowetsa chingwe) imabadwa nayo.

Pamene anthu amagwa ndi apa. Nthawi zambiri PLC ndi kamera sizidziwa za chizindikirocho, choncho port yake ikhale access, untagged (yopanda chizindikiro), ndipo PVID, nambala imene port imapatsa uthenga wolowa wopanda chizindikiro, ifanane ndi nambala ya VLAN yake. Mukaiwala PVID, getsi la port limayaka bwinobwino koma ping, uthenga woyesera ngati chipangizo chikuyankha, sibwera, inu n'kumadula chingwe chabwino. Trunk, yonyamula ma VLAN onse ali tagged, ndi ya chingwe chopita ku switch ina kapena ku router basi.

Ineyo ndinadzitsekerapo kunja. Ndinasintha management VLAN, yolowera pokonza switch, ndili pa port yomweyo, tsamba la switch n'kuzimiririka, chingwe cha console, cholowera mu switch popanda netiweki, ndasiya kunyumba kutsidya kwa mlatho wa Shire. Kutentha kwa Okutobala kuja, ndinapalasa njinga kawiri. Siyani port imodzi yoti muzilowerapo, muilembe ndi maka.

Dziwaninso kuti VLAN sikulitsa chingwe. Imaletsa broadcast ndi multicast (mauthenga opita ku zipangizo zambiri nthawi imodzi) za makamera kufika kwa PLC, koma ngati trunk yadzadza, makina muwapatse priority yokwera. Chizindikiro chomwe chija chili ndi magawo a priority 0 mpaka 7. Ndipo abwana akafuna kuona kuzizira kwa cold room ali muofesi, pafunika router kapena switch ya Layer 3 yodutsitsa uthenga pakati pa ma VLAN, motsegula TCP port 502 yokha (iyi ndi nambala, osati polowetsa chingwe) ngati PLC yanu imalankhula Modbus TCP.

Mukamaliza dinani Save, chifukwa switch zambiri zimaiwala zosasungidwa magetsi akangothima. Kenako izimitseni dala, muiyatse, muone ngati PLC ikuyankhabe musanatseke kabati.