Kuyankha msuweni pa funso la Ahindu lija

Eee moni nonse m'gulu muno, ndangojambula mawu, kulemba zonsezi zala zingatope. Msuweni funso lako ndaliona, lakuti kodi Brahma, Vishnu ndi Shiva si chimodzimodzi ndi Utatu Woyera wathu. Hmm. Iweyo? Amene unkathawa kalasi ya ulimbitso kukasewera fulaye, lero wayamba kuwerenga Bhagavad Gita, buku lopatulika la Ahindu, ku India konko? Chabwino.

Inenso ndinaliwerengako, machaputala 18, mulungu wawo Krishna akulangiza msilikali Arjuna amene akukana kumenya nkhondo chifukwa mbali inayo kuli abale ake. Buku lake linali la amalume aku Limbe... ayi, silinali lawo, anachita kupatsidwa ndi bwana wawo uja. Mukukumbuka m'ma 1970 muja boma la Kamuzu litalamula kuti amwenye achoke m'masitolo akumidzi akakhale m'tauni, amalume anawatsatira abwanawo mpaka ku Limbe, agogo analira ngati maliro. Ndiye nthawi ya Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, amalume ankabwera ndi maswiti aja mu kabokosi, agogo kukana kulawa ati zansembe zimenezo, koma amalume amangodya kwinaku korona ili m'thumba. Bwanayo anali ndi mkanda wake wopempherera wa timikanda 108, madzulo akatseka sitolo wina amakhala uku ndi wake wina uku ndi korona, osayankhulana, kenako tiyi. Ndipo tsiku la maliro a bwanayo amalume anapita mpaka kowotchera mtembo, anabwerako osadya nsima, Lamulungu lake anakaperekera Misa munthu woti sanabatizidwe, amayi ako akudziwa phokoso limene linabuka ku mphakati.

Aaa ndimati chani... eya, Utatu. Ayi sizofanana. Kwa iwo Brahma amalenga, Vishnu amasunga, Shiva amawononga kuti ziyambirenso, ndipo Vishnu amatsika pa dziko kangapo, monga Rama ndi Krishna, pomwe ife timati Mulungu mmodzi mwa atatu ndipo Mwana anakhala munthu kamodzi basi. Koma pamene ineyo panandigwira kwambiri ndi pa imfa. Iwo amati mzimu umabadwanso ndi kubadwanso malinga ndi karma yako, kutanthauza zotsatira za ntchito zako, mpaka utamasuka, ife Ahebri 9:27 akuti munthu amafa kamodzi kenako chiweruzo, ndipo timadalira chaulere cha Mulungu osati ntchito zathu zokha. Apapa sungaphatikize. Koma kuwerengako si tchimo ayi, mu 1965 msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II unalemba m'chikalata cha Nostra Aetate, kutchula Ahinduwo ndithu, kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera chimene chili m'zipembedzo zina.

Koma msuweni tisazungulire. Mnyamata wayima pambali pako pa chithunzi cha nyali chija ndani? Chimene ukufunsa iwe ndi choti kodi ungakwatiwe ndi Mhindu n'kukhalabe Mkatolika, ndiye ukufuna wina akuuze kuti zonse ndi zimodzi kuti mtima ukhale pansi. Sizimodzi, koma ukwatiwo ndi wotheka, pamafunika chilolezo cha episkopi, ndipo iwe umalonjeza kusunga chikhulupiriro chako ndi kuyesetsa kuti ana abatizidwe, iyenso amayenera kuuzidwa za lonjezolo ukwati usanachitike.

Ndiye usamunamize kuti tonse timakhulupirira zofanana, ukadzamwalira... pepa, Mulungu atalikitse, ndimati wina akadzamwalira pabanjapo kapena mwana akabadwa, mpamene kusiyanako kumaonekera. Njira ilipo koma yodutsa kwa bambo mfumu, osati yobisa.

Wamva? Zimasiyana koma n'zotheka. Uwaimbire amayi ako usiku uno asanazimve kwa azakhali aku Mchinji, ukafuna ndikhala nawo pa foniyo.