Funsani Dokotala: Miyezi itatu yomaliza ya pakati

Mafunso a ulendo uno achokera kwa amayi amene pakati pawo pakula, kuyambira sabata ya 28 kupita m'tsogolo, ndipo limodzi lachokera kwa bambo. Mayina ndawachotsa monga mwa nthawi zonse.

Adokotala, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndi poyamba. Madzulo aliwonse mapazi amatupa moti nsapato sizilowa. Anzanga akuti mayi aliyense amatero. Kodi ndidandaule?

Mayi, anzanuwo anena zoona, koma sanamalize. Mayi akakhala woyembekezera magazi amachuluka m'thupi, ndipo pofika miyezi yomaliza amakhala atawonjezekera ndi pafupifupi theka la mmene analili. Komanso chiberekero chalemera, chikupanikiza mitsempha ya m'chiuno imene imabweza magazi kuchokera kumiyendo kupita kumtima, ndiye madzi amatsalira m'munsi. Kutupa kotereku kumagwira mapazi onse awiri, kumakula dzuwa likamapendeka, makamaka tsiku limene mwaima nthawi yaitali kapena kwatentha, ndipo m'mawa mumapeza kwaphwa. Mukakhala pansi sanjikani miyendo pa mpando wina. Muziyendayenda m'malo moima malo amodzi. Musasiye kumwa madzi poganiza kuti ndi amene akukutupitsani, chifukwa si iwo ayi.

Kutupa kumene kumandidetsa nkhawa ndi kwina. Kumabwera mwadzidzidzi n'kugwira nkhope ndi manja: mwadzuka m'mawa zikope zalemera, mphete imene munkavula mosavuta yakana kutuluka. Kukabwera pamodzi ndi mutu waukulu wosamva panado, maso kuchita chidima kapena kuona tinyenyezi, kusanza, kapena ululu pansi pa nthiti makamaka kumanja, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Zimenezi ndi zizindikiro za pre-eclampsia, matenda a kuthamanga kwa magazi amene amayamba pakati pakapitirira masabata 20. Amakonda amayi a pakati poyamba ngati inu, oyembekezera mapasa, ndi amene anali kale ndi BP kapena shuga. Akalekereredwa mayi amakomoka n'kumaphupha, ndipo moyo wake ndi wa mwana umakhala pachiswe.

Choopsa chake n'chakuti matendawa amatha kukula mayi asakumva chilichonse. Amadziwika pokhapokha BP ikayezedwa n'kupezeka pa 140/90 kapena kuposa, ndipo nthawi zambiri mkodzo umaonetsanso mapuloteni. M'chaka cha 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi azionedwa kusikelo kasanu ndi katatu, ndipo maulendo asanu mwa amenewa ali kumapeto kwenikweni: sabata ya 30, 34, 36, 38 ndi 40. Ndikudziwa kuti nthawi imeneyi ndi yomwe thupi lalema ndipo kuyenda n'kovuta, koma musadumphe ngakhale ulendo umodzi.

Chinanso: mwendo umodzi wokha ukatupa, katumba n'kumapweteka kapena kutentha, mwina magazi aundana mumtsempha. Musausisite. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Adokotala, usiku wasanduka chilango. Ndikangogona chilungulira chimafika mpaka kukhosi, msana ukupweteka, nthawi zina ndimadzidzimuka mwendo utakokana. Ndinazolowera kugona chagada koma anamwino andiletsa. Chifukwa chiyani?

Anamwinowo achita bwino. Kumbuyo kwa chiberekero, moyandikana ndi fupa la msana, kumadutsa mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. Mukagona chagada kulemera konse kwa mwana, madzi ndi nsengwa kumatsamira pamenepo. Ena amachita chizungulire kapena befu, ena samva kanthu, koma magazi opita kwa mwana amachepa. Kafukufuku wa ku New Zealand ndi ku UK anapeza kuti kugwidwa tulo muli chagada m'miyezi yomalizayi kumawonjezera chiopsezo choti mwana afere m'mimba. Choncho kuyambira sabata ya 28 muzigona chammbali, kumanzere kapena kumanja, ndi pilo pakati pa mawondo ndi wina pansi pa mimba. Mukadzuka usiku n'kupezeka muli chagada musachite mantha. Tembenukani n'kupitiriza tulo.

Chilungulira chimachokera kuwiri. Homoni ya progesterone, imene imasunga pakati, imafewetsa minofu, kuphatikizapo kamnofu kotseka pakhomo pa chifu. Ndiye mwana akukankhanso chifucho m'mwamba, asidi n'kumabwerera kummero. Muzidya pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, chepetsani zamafuta ambiri ndi zowawa, ndipo padutse maola awiri kapena atatu kuchokera pa chakudya chamadzulo musanagone. Kwezani kumutu kwa pogona panu. Zikakanika kuchipatala kuli mankhwala oziziritsa asidi oyenera mayi wapakati, koma musamamwe nthawi imodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi, chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Soda musamwe. Ndipo ululu wa pansi pa nthiti umene sukumva mankhwala a chilungulira, kapena wabwera ndi mutu, muutenge ngati chizindikiro cha pre-eclampsia chija ndatchula pamwambapa.

Mwendo ukakokana uwongoleni, n'kukokera zala za kuphazi cha kumaso kwanu mpaka mnofu utamasuka. Pa msana panado ndi wololedwa. Ibuprofen ndi diclofenac ayi: m'miyezi yomaliza amatha kuwononga impso za mwana, kuchepetsa madzi amene akukhalamo, ndi kutseka nthawi isanakwane kamtsempha ka pafupi ndi mtima wake kamene kamayenera kutsekeka atabadwa.

Adokotala, ndili pa sabata ya 36. Kuyambira dzulo mwana sakusewera ngati kale. Apongozi anga akuti malo amuchepera, ndiye akupuma pokonzekera kubadwa. Tsiku langa la sikelo ndi sabata yamawa. Ndidikire?

Mayi uyu ndinamuyankha tsiku lomwelo kuti asadikire, ndipo ndaika funso lake pano chifukwa mawu a apongoziwo ndimawamva kawirikawiri, ndipo amanenedwa ndi anthu okonda mayiyo ndi mtima wonse.

Mwana sachepetsa kusewera chifukwa choti tsiku layandikira. Chimene chimasintha ndi kasewerewe. Kale ankamenya ndi kudumpha, pano malo achepadi, ndiye mumamva akudziwongola, akugubuduka, kachidendene kakutumphuka pansi pa nthiti. Koma amasewera mpaka tsiku lobadwa, ngakhale matenda atayamba. Amagona mphindi 20 mpaka 40 pa nthawi imodzi, ndipo sizichitikachitika kuti apitirire mphindi 90. Mwana amene sakulandira mpweya ndi chakudya chokwanira kudzera mu nsengwa amasunga mphamvu, ndipo choyamba kusiya ndi kusewera. Nthawi zambiri ichi ndi chizindikiro chokhacho chimene amatha kupereka, ndipo wochimva ndi mayi yekha.

Palibe nambala imodzi yoyenera mwana aliyense. Inuyo mumadziwa nthawi zimene wanu amadzuka, kaya mukangomaliza kudya kapena mukangogona. Zikasintha, akachepetsa kapena akasiya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuche. Azamba akamvetsera kugunda kwa mtima wake, ndipo mwina akakuunikani. Amayi ambiri amabwerako atauzidwa kuti zonse zili bwino, ndipo ena amachita manyazi kuti avutitsa anthu pachabe. Sanavutitse aliyense. Zikachitikanso mawa lake, apitenso.

Adokotala, mimba imauma gwa kwa kanthawi kenako n'kufewa. Zimachitika kangapo pa tsiku. Kodi matenda ayamba? Ndidzadziwa bwanji tsiku lenileni?

Mwina ndi kukungika kongoyeserera kumene dokotala wa ku England, John Braxton Hicks, anakufotokoza m'chaka cha 1872, ndipo mpaka lero kumatchedwa dzina lake. Chiberekero ndi mnofu, ndiye chimakungika n'kumasuka pokonzekera ntchito imene ikubwera. Kumabwera mosatsata nthawi, sikukula mphamvu, ndipo mukamwa madzi, kukodza, kapena kusintha mmene mwakhalira kapena mwagonera, kumatha.

Matenda enieni sasiya ngakhale mutapuma. Ululu umayambira kumsana n'kuzungulira kutsogolo, umabwera motsatana, mpata wake ukucheperachepera, mphamvu yake ikukulirakulira, mpaka mumalephera kuyankhula uli mkati. Kawirikawiri mumaona chikazi chonanda chosakanikirana ndi timagazi pang'ono, chimene chinatseka khomo la chiberekero. Ngati kwanu n'kutali ndi chipatala, kapena munaberekapo mofulumira, musadikire kuti ululu ufike pothina.

Pali zitatu zosadikira ululu. Nsupa ikasweka, kaya madzi akhuthuka kapena akungodontha, pitani, ndipo muwauze azamba mtundu wake. Obiriwira kapena oderako amasonyeza kuti mwana wachita chimbudzi m'mimba. Magazi ofiira akatuluka, ngakhale popanda ululu, pitani. Ndipo ululu wotsatana ukayamba masabata 37 asanakwane, pitani msanga, chifukwa pali jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana amene amafuna nthawi kuti agwire ntchito.

Za tsiku lolembedwa m'buku lanu la sikelo, limawerengedwa masabata 40 kuchokera tsiku loyamba la msambo wanu womaliza. Ana obadwa pa tsiku lenilenilo ndi pafupifupi mmodzi mwa 20 aliwonse. Likadutsa musayambe kufunafuna mankhwala ofulumizitsa matenda, a zitsamba kapena ena aliwonse. Amakungitsa chiberekero mopanda muyezo, mwana n'kusowa mpweya, ndipo chiberekero chimatha kung'ambika. Mukafika sabata ya 41 achipatala ali ndi njira yoyambitsira matenda akukuyang'anirani.

Adokotala, ndimakodza pafupipafupi, nthawi zina ndikatsokomola mkodzo umadontha. Ndikudzimbidwanso, ndipo chimbudzi chada chiyambire mapiritsi a kusikelo. Ndisiye kumwa?

Musasiye. Ayironi ndiye amadetsa chimbudzi, ndipo zilibe vuto. Magazi amene akukupatsaniwo mudzawafuna tsiku lochira, chifukwa mayi aliyense amataya magazi pobereka, ndipo wochepa magazi kale sachedwa kufooka. Musamwere tiyi kapena khofi, amalepheretsa ayironi kulowa bwino. Pa kudzimbidwa wonjezerani madzi, masamba ndi zipatso, ndipo muziyenda tsiku lililonse.

Kukodza pafupipafupi ndi mutu wa mwana umene watsamira pa chikhodzodzo. Muzilimbitsa minofu ya kumusi poifinya ngati mukugwira mkodzo, kenako n'kumasula, kangapo pa tsiku. Koma pokodza pakamawotcha, kapena mukamva malungo ndi ululu m'mbali mwa msana, kayezetseni mkodzo, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo amatha kuyambitsa kubereka nthawi isanakwane.

Adokotala, ndine bambo. Akazi anga atsala ndi mwezi umodzi. Sachedwa kupsa mtima, nthawi zina amangolira. Anzanga ena akuti azigwira ntchito zonse kuti adzachire mosavuta, ena akuti azingogona. Komanso ndikuopa kukhala nawo malo amodzi kuti ndingapweteke mwana. Ndithandizeni.

Bambo, zikomo polemba. Yambani ndi kuganizira usiku wa mayiwa: adzuka kangapo kukakodza, chilungulira chawaotcha, mwana wayamba kusewera iwo atangogwidwa tulo, ndipo mumtima muli mantha a tsiku limene likubwera. Munthu wosagona chotere sachedwa kukwiya. Akalira musathamangire kuwauza kuti asiye. Khalani pansi muwafunse chimene chikuwaopsa, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Koma akakhala okhumudwa tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri, osafuna kudya kapena kucheza, kapena akayankhula zodzipweteka, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Apititseni kuchipatala.

Pa ntchito, anzanu onsewo apitirira muyezo. Kugona tsiku lonse kumafooketsa thupi ndipo kumawonjezera chiopsezo cha magazi kuundana. Kuyenda ndi tintchito topepuka n'kwabwino. Koma kunyamula zolemera, kuwerama nthawi yaitali, kukwera pa mpando kuti afikire zapamwamba, zimenezo tengani inuyo, chifukwa mfundo za m'chiuno zafewa ndipo mimba yawakokera kutsogolo, kugwa n'kosavuta. Ngati mumasuta, utsi usalowe m'nyumba. Ngati pali mwana wamng'ono amene amafuna kunyamulidwa, muzolowetseni panopa kuti bambo ndi amene amamusambitsa ndi kumugoneka, kuti khanda likadzabwera asadzaone ngati lamulanda mayi.

Kukhala malo amodzi sikupweteka mwana. Ali m'thumba lotsekeka, m'madzi, ndipo khomo la chiberekero ndi lotseka. Zoyera zimene ana ena amabadwa nazo pakhungu ndi mafuta opangidwa ndi thupi la mwanayo kuti amuteteze m'madzimo, sizichokera kwa bambo. Mupewe ngati nsupa yasweka, ngati akutuluka magazi, ngati achipatala anapeza kuti nsengwa yakhala m'munsi motseka njira, kapena ngati anakuletsani pa chifukwa china. Kupatula apo, funsani mayiwo. Akati atopa, atopadi. Akafuna, pezani kagonedwe koti mimba isapanikizike ndipo iwo asagone chagada.

Ntchito yanu yaikulu mwezi uno ndi kukonzekera. Chikwama cha mayi ndi cha mwana chikhale chomangidwa, buku la sikelo lili pamwamba. Mudziwiretu chimene mudzakwere matenda akayamba usiku, nambala ya woyendetsayo ikhale m'foni mwanu, ndipo mugwirizane ndi munthu wodzatsala ndi ana. Zizindikiro zoopsa zimene ndatchula m'mayankho apamwambawa muzidziwe inunso, chifukwa mayi amene mutu wamukulira kapena akutaya magazi sangathe kudziganizira yekha zoti anyamuke. Pa ulendo wotsatira wa kusikelo mupite nawo, mukafunse azamba kumene mudzalowere mukadzafika usiku.