Miyala ku Baie de Seine ndi chilimira ya bambo anga

Mayi wina amene amawerenga kuno wanditumizira imelo. Anaona vidiyo ya maboti a asodzi a ku France ndi ku Britain akugundana panyanja, ndiye akufunsa kuti maboma awiri olemera chonchi bwanji sanangotumiza apolisi n'kuthana nazo. Mayi, kalata yanuyi ndaigonera masiku atatu, chifukwa yandikhudza pachilonda.

Zimene munaonazo zinachitika m'bandakucha wa pa 28 Ogasiti 2018 ku Baie de Seine, nyanja ya kufupi ndi gombe la Normandy ku France. Maboti a ku France oposa 30 anazinga maboti asanu a ku Britain, miyala ndi mabomba a utsi zikuuluka. Ankalimbirana nkhono za m'nyanja zotchedwa scallop. Lamulo la ku France linkaletsa asodzi ake kukokola nkhonozi kuyambira pakati pa Meyi mpaka pa 1 Okutobala kuti ziswane, koma a ku Britain lamulolo silinkawakhudza. Taganizani, inu mwakocheza boti padoko, mnzanu akukolola pamaso panu.

Ine mkwiyo umenewo ndimaudziwa. Bambo anga anali msodzi wa usipa kumbali ya Mangochi. Usiku wina boti lalikulu la injini linalowa m'madzi osaya amene silinkaloledwa kufikako, n'kudutsa pakati pa chilimira yawo, ukonde wokokolera usipa. Anafika pagombe kutacha atanyamula zingwe zoduka ndi nyali imodzi yosweka. Sanalankhule ndi munthu. Amayi anawaikira phala, linazizira pomwepo. Atapita kukadandaula, ku ofesi anawauza kuti abweretse nambala ya botilo. Nambala, usiku wamdima, nyali itasweka! Teremu imeneyo ine ndinakhala pakhomo. Anyamata a pagombe anayamba kulonga miyala m'mabwato, ndipo sindikubisirani, nanenso ndinawatolera nawo.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akuti asodzi a ku France aja anali zigawenga, ndimakwiya. Kugenda boti n'kulakwa, inde, munthu akhoza kumira. Koma amene anayambitsa ndi amene anaika malamulo awiri pamadzi amodzi. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, Mfumu Makanjira ikatseka usodzi m'nyengo ya dzinja, aliyense amachoka, mwini dera ndi mlendo yemwe. Mfumu ya kumudzi inaona zimene nduna za masuti zinalephera kuona. Ndipo musandiyambitse za chambo cha ku Malombe, kumene makomiti a pagombe anabwera nsomba zitatha kale.

Tsono maboma anachitanji?

Apolisi akanagwira ndani? Malowo anali kunja kwa mamailosi 12 kuchokera kugombe, ndipo Britain inali idakali mu European Union, choncho maboti ake sankaphwanya lamulo. Nduna ya ku France, Stéphane Travert, inati asilikali a pamadzi ali tcheru. Nduna ya ku Britain, Michael Gove, inaikira kumbuyo asodzi akwawo. Zokambirana zinayamba zasokonekera pankhani ya chipukutamisozi cha maboti ang'onoang'ono, kenako pakati pa Seputembala anagwirizana kuti maboti a ku Britain opitirira mamita 15 achoke mpaka kumapeto kwa Okutobala, awawonjezere masiku okawedza kwina. Ang'onoang'ono anawasiya kuti azikokolabe.

Bambo anga anagula chilimira ina patatha zaka ziwiri, ya kaunjika, pangongole.