Dokotala wa ku casualty akabweza wodwala, mungamusumire?

Mayi wina amene amakhala ku Britain wanditumizira imelo. Mchimwene wake anapita ku A&E (dzina la casualty ku Britain) usiku akumva kupweteka pachifuwa, anamupima n'kumubweza ndi mankhwala opha ululu, koma m'mawa mwake anagwa ndi nthenda ya mtima ndipo mpaka pano sangathenso kugwira ntchito. Funso lawo ndi lakuti: kodi banja lingamusumire dokotalayo?

Pepani kwambiri, mayi. Kusuma n'kotheka, koma dziwani kaye kuti khoti silipereka chipukuta misozi chifukwa chongoti zinthu zinathera poipa. Muyenera kusonyeza kuti dokotalayo analekerera, ndiponso kuti kulekererako n'kumene kunabweretsa vutolo. Mabanja ambiri amagwera pa chachiwirichi.

Pa nkhani ya kulekerera, makhoti a ku England amatsatira chigamulo cha mlandu wa Bolam cha mu 1957: dokotala salakwa ngati zimene anachita n'zimene madokotala ena odalirika a ntchito yomweyo akanachitanso. Ndiye funso silikhala lakuti "anapeza matenda kapena ayi?" Limakhala lakuti anajambula mtima pa makina a ECG, anatenga magazi, anafunsa zoyenera kufunsa, ndipo anawauza achimwene anu zizindikiro zoti akaziona abwerere msanga? Kupweteka pachifuwa kumanyenga, ndipo dokotala wa ku casualty amakumana ndi munthu amene sanamuonepo, pakati pa usiku, panja pali mzere wa anthu ena. Oweruza amazidziwa zimenezi, komabe kutanganidwa sikuchotsa udindo.

Tsono tamvani nkhani ya Barnett, imene ophunzira zamalamulo onse amaidziwa. M'mawa wa pa 1 January 1966, alonda atatu ku London anamwa tiyi n'kuyamba kusanza. Anapita ku casualty, namwino anaimbira foni dokotala, koma dokotalayo, amenenso sankapeza bwino, sanabwere n'komwe kudzawaona. Anangoti apite kunyumba akaonane ndi madokotala awo. Mmodzi wa iwo, Barnett, anamwalira patangopita maola ochepa, ndipo zinapezeka kuti m'tiyimo munali poizoni wa arsenic. Khoti linavomereza kuti dokotalayo analakwa posawaona. Koma mkazi wamasiyeyo sanapatsidwe kanthu, popeza umboni unasonyeza kuti ngakhale akanamugoneka, mankhwala sakanamupeza nthawi yabwino. Zowawa, inde, koma lamulo lili choncho. Kwa inu, katswiri wa mtima adzafunika kunena ngati achimwene anu akanapulumuka kulumalaku akanagonekedwa usiku womwewo.

Musamangoyang'ananso dokotala yekha. Mu 2010, bambo wina dzina lake Darnley anapita ku A&E ku Croydon atamenyedwa m'mutu. Wolandira odwala pawindo anamuuza kuti adikira maola anayi kapena asanu, pamene zoona zake zinali zoti namwino amuona pasanathe mphindi 30. Anadikira mphindi 19 n'kuchoka, magazi anatayikira m'mutu, ndipo analumala mbali imodzi. Mu 2018 khoti la Supreme linagamula kuti chipatalacho chili ndi mlandu chifukwa cha mawu osokeretsa a munthu amene sanali dokotala kapena namwino. Ine chigamulo chimenechi ndimachikonda, chifukwa vuto la ku casualty nthawi zambiri limayambira pawindo, pa kusinthana kwa ogwira ntchito, kapena pa zotsatira za magazi zimene palibe anaziwerenga.

N'chifukwa chake ku England, ngati chipatala ndi cha NHS (kutanthauza cha boma), mumasumira bungwe loyendetsa chipatalacho, ndipo ndalama sizichoka m'thumba mwa dokotala. Chimene dokotala amaopa kwambiri ndi General Medical Council, bungwe loyang'anira madokotala, limene lingathe kumuletsa ntchito, koma silipereka chipukuta misozi. Kwathu ku Malawi ntchito imeneyo ndi ya Medical Council of Malawi, ndipo milandu ya zipatala za boma amasumira Attorney General.

Poyambira penipeni: achimwene anu apemphe mafayilo awo onse a usikuwo, kuphatikizapo pepala la ECG ndi nthawi zimene analembedwa. Lembani zimene akukumbukira asanaiwale. Kenako pezani loya wa milandu ya zachipatala musanachedwe, chifukwa ku England nthawi yosumira ndi zaka zitatu, kuwerengera tsiku la vutolo kapena tsiku limene anazindikira kuti panalakwika.