Yankho langa kwa msuweni pa za oyimba akale aja

Eee, msuweni, ndi ine. Uthenga wako uja ndaumvetsera kawiri, chifukwa ulendo woyamba umalankhula ngati galu akukuthamangitsa. Ukufunsa kuti kodi n'chilungamo kuti ife a lero tiziweruza oyimba ndi ojambula akale ndi muyeso wa masiku ano, pamene iwo anakhala m'nthawi ina. Chabwino, ndamva. Koma iwe ndimakudziwa. Unayamba liti kusowa tulo chifukwa cha Picasso, wojambula zithunzi wa ku Spain uja? Iwe? Ayi, usandinamize. Nkhani yako ndi ya kaseti ija. Kaseti ya amalume unaipeza m'sutikesi ija, imene wakhala ukuisunga mufoni masabata atatu osaiponya pagulu pano.

Dikira kaye, ndifika.

Iwe unali wamng'ono, ine ndinali ndi zaka... khumi ndi chimodzi? Iyayi, khumi ndi ziwiri, chifukwa chinali chaka chomwe chija cha chipatala. Gitala ya amalume ija inalibe chingwe chachinayi. Anamangapo waya wa buleki ya njinga, ndipo ankauchuna atagoneka khutu pathabwa, maso ali tsinzinu, ngati akumvera kugunda kwa mtima wa mwana. Akafuna kujambula mawu ankatikhazika tonse pansi, wailesi ya kaseti ili pampando, n'kunena kuti wotsokomola aliyense atuluke. Ndiye akayamba, msuweni... aaa. Munthu uja ankaimba. Ineyo tsitsi linkaima. Ngakhale aja ankadana nawo, ukuwadziwa, ankaima panja n'kumamvetsera akunamizira kuti akudutsa.

Tsono mvetsera nyimbo yachiwiri pakasetiyo. Chapakati, atangotsika mawu, pali chitseko chikulira, kenako phaa, chatsekedwa. Iwe mwina umayesa mphepo. Si mphepo. Anali azakhali akutuluka. Ndinawaona ine ndi maso angawa, ataphimba diso lakumanzere ndi nsalu, akuyenda mozemba kuti asasokoneze nyimboyo. Taganiza, dzanja lomwelo limene linkasisita zingwe mofatsa chonchija ndi limene linawatupitsa diso dzulo lake. Ndipo amalume sanaphonye ngakhale liwu limodzi. Anamaliza, n'kubweza tepi ndi bolopeni, n'kutifunsa kuti, zamveka bwanji ana inu? Ife n'kuwomba m'manja.

Masiku ano nkhaniyi ikangotuluka, pamapezeka wina wonena kuti amuna anali choncho nthawi imeneyo. Mawu amenewo amandipweteka, msuweni. Chifukwa nthawi imeneyo yomweyo, mlungu womwewo, agogo anabwera osaitanidwa, osapereka moni kwa munthu, n'kulongedza zovala za azakhali. Agogo aja sankadziwa mawu oti nkhanza za m'banja monga timawanenera lero. Koma ankadziwa kuti chachitikacho n'choipa. Anafunika kudikira ife kuti tiwaphunzitse?

Ndiye za anthu ako otchuka aja, poti wawatchula. Tenga Jerry Lee Lewis, woimba piyano wa ku America uja. Mu 1957 anakwatira mtsikana wa zaka 13, wachibale wake, iye ali ndi zaka 22. Anthu amati zinali zololeka kalelo. Zololeka kwa ndani? Mu 1958 atapita kukaimba ku Britain, atolankhani atadziwa za msinkhu wa mwanayo, ulendo wonse unathetsedwa atangoimba katatu. Amene anamukanawo si ana a pa Facebook, ndi anthu a nthawi yake yomweyo. Bwerera kale kwambiri, Caravaggio, wojambula wa ku Italy. Anapha munthu ku Rome mu 1606, anathawa mumzindamo, chilango cha imfa chili pamutu pake. Zithunzi zake mpaka pano zili m'matchalitchi a ku Rome, anthu amapemphera pansi pake, koma palibe amene amati kupha kunali bwino mu 1606. John Lennon, woimba wa gulu la Beatles uja, naye anavomera yekha mu 1980, pofunsidwa ndi atolankhani, kuti ali mnyamata ankamenya akazi. Mwiniwake sanabisale kumbuyo kwa nthawi, ndiye ife timubisirenji?

Komanso... iyayi, ndisakhale wa mbali imodzi, pali china. Nthawi zina woweruza wa kale ndi amene ankalakwa. Woimba uja Miriam Makeba boma la kwawo ku South Africa linamulanda pasipoti mu 1960, kenako mu 1963 atalankhula ku United Nations zotsutsa tsankho, nyimbo zake anaziletsa kwawo. Mwa muyeso wa boma limenelo, mayi uja anali wolakwa. Ndiye wina akamati tiziwayesa ndi muyeso wa nthawi yawo, ine ndimafunsa kuti muyeso wa ndani? Wa boma kapena wa Makeba? Wa amalume kapena wa agogo? Nthawi iliyonse imakhala ndi miyeso ingapo, kungoti wa munthu wamphamvu ndi umene umamveka patali.

Ehe, ndafika tsopano, usagone.

Chimene ndikunena n'chakuti usadzivutitse ndi zoti lero kapena kale. Funsa kuti amene anapwetekedwayo ankamva bwanji tsiku lomwelo. Ululu sunayambe chaka chino. Mwana wa zaka 13 anali mwana mu 1957, diso la azakhali linatupa tsiku lomwe anamenyedwalo, silinadikire kuti dziko lisinthe maganizo. Tikamati zija zinali zoipa, sitikubweretsa lamulo latsopano ayi, tikungovomereza mochedwa zimene wolirayo ankanena kale anthu osamumvera.

Koma zimenezo sizikutanthauza kuti nyimboyo yasanduka yonyansa. Ine kasetiyo ndikaimva ndidzalira, ndikudziwa, chifukwa amalume ndinkawakonda, ndipo ankaimba bwino kuposa munthu aliyense amene ndinamumvapo pafupi. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo palibe chimene chikufafaniza chinzake. Cholakwika n'kutenga kukoma kwa gitala n'kuphimbira nako chitseko chija. Pamenepo ndiye timawatulutsanso azakhali kachiwiri, ife tsopano.

Wandimva? Ndibwereze, poti iwe umamva ndi khutu limodzi kuyambira uli mwana. Amalume ukhoza kuwakonda, nyimbo zawo ukhoza kuzimvera, palibe akukuletsa. Koma usadzanene kuti inali nthawi yawo, chifukwa inalinso nthawi ya azakhali, ndipo iwo akadali moyo, foni ali nayo, ana awo ali pagulu lomwe lino.

Ndiye usanaiponye, ayimbire. Osati uthenga wolemba, ayimbire ndi pakamwa, uwauze kuti wapeza kaseti ija ndipo ukufuna kudziwa maganizo awo. Akati ayi, isunge, utitumizire ife ofuna patokha. Akati inde... ndikupempha chinthu chimodzi, msuweni. Ndikudziwa uli ndi tizipangizo tako tochotsera phokoso pakompyuta. Chitseko chija usachidule. Chisiye mmene chilili.

Ukalankhula nawo undiyimbire, ngakhale usiku, ndikhala ndili maso.